Kugula njinga ya m'phiri ndi kuyenda nayo bwino m'tinjira ta ku Dedza

Pafupifupi Loweruka lililonse ndikamakwera phiri la Dedza ndimapeza munthu atakhala pamwala, njinga ili gone pambali. Wina tcheni chaduka, wina buleki ikungolira osagwira, wina tayala laphwa ndipo alibe ngakhale pampu. Ukafunsa umamva kuti njingayo waigula mwezi womwewo. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa ndalama zimene anatayazo zikanakwana njinga yakale koma yolimba. Palinso ena amene njinga zawo zili bwinobwino, koma amatsika mtsetse ngati mphepo, n'kudzidzimutsa amayi osenza nkhuni, ndipo mawa lake tonse opalasa njinga timaonedwa ngati anthu amwano. Malangizo awa ndi a zinthu ziwirizi.

Zofunika kukhala nazo

Popita kukagula:
- tepi yoyezera
- kansalu kopukutira ndi tochi, ya pafoni yakwana
- mnzanu wodziwa njinga, kapena wokonza njinga amene mumamukhulupirira, osati wobwera naye wogulitsayo

Popita kuphiri:
- helemeti yokukwanani, yomanga lamba pachibwano
- pampu yogwirizana ndi valavu ya machubu anu
- chubu chapadera, zigamba, guluu ndi zotsegulira tayala
- ma Allen key (timasipanala ta makona asanu ndi limodzi tolowa m'mutu wa bawuti) a 4, 5 ndi 6 mm
- kachida kodulira tcheni ndi kolumikizira kake
- belu lomveka
- madzi malita awiri, nthochi kapena mtedza
- juzi kapena jekete, bandeji, ndi foni yodzaza moto

Kugula njinga

1. Yambani ndi saizi, osati mtundu wa penti. Imani pansi njinga ili pakati pa miyendo yanu. Pakati pa inu ndi chitsulo chapamwamba pakhale mpata wolowa zala zinayi. Ngati chitsulocho chikukukhudzani, njingayo ndi yaikulu, isiyeni ngakhale mtengo wake ukome chotani. Pamsewu wa tara njinga yaikulu mutha kuipirira, koma pamtsetse wa miyala, pamene muyenera kutsitsa phazi mwadzidzidzi, idzakuvulazani. Mawilo alipo a mainchi 26, 27.5 ndi 29. Aakuluwo amadutsa bwino pamiyala, koma ine wongoyamba kumene ndimamulangiza a 26, chifukwa matayala ndi machubu ake savuta kuwapeza kwa okonza njinga a m'misika yathu. Chubu cha 29 chikakuphulikirani ku Bembeke, mwina mudzachipeza ku Lilongwe.

2. Pukutani felemu ndi kansalu, muunike ndi tochi paliponse pamene zitsulo zinalumikizana: pansi pa mahandulo, pamene pamalowa chishalo, ndi pansi penipeni pamene pamazungulira mapedulo. Mukufunafuna kamng'alu kooneka ngati tsitsi. Chenjerani ndi malo amene apakidwa penti yatsopano kapena amatidwa sitika, chifukwa kawirikawiri pamenepo ndi pamene pabisika chilema. Felemu lachitsulo likang'aluka wowotcherera atha kulikonza. La aluminiyamu likang'aluka, iwalani. Ngati simukudziwa kuti ndi liti, maginito amakakamira pachitsulo koma pa aluminiyamu ayi.

3. Nyamulani njinga, muzungulitse wilo lililonse. Lisavinevine. Finyani masipoko awiriawiri kuzungulira wilo lonse, mumve ngati pali olobodoka kapena oduka. Kenako gwirani tayala muligwedezere kumanja ndi kumanzere. Likamagogoda, mabeyaling'i atha kapena amasuka.

4. Yezani tcheni. Apa ndi pamene ambiri amapusitsidwa, chifukwa tcheni chotha akachitsuka ndi parafini chimawala ngati chatsopano. Ikani tepi pakati pa kamsomali kamodzi ka tcheni, muwerenge mfundo zathunthu 12 (mfundo yathunthu ndi tizidutswa tiwiri, ka mkati ndi ka kunja). Pa tcheni chatsopano mfundo zimenezi zimakwana mainchi 12 ndendende, omwe ndi masentimita 30.5. Zikapitirira ndi milimita imodzi ndi theka, tcheni chafunika kusintha. Zikapitirira ndi mamilimita atatu, dziwani kuti chadya kale mano a magiya akumbuyo, ndipo mudzagula zonse ziwiri. Onaninso manowo. Akakhala osongoka ngati minga, atha. Sikuti njinga yotere musaigule, koma mtengo wa zimenezi uchotsedwe pa mtengo wa njinga.

5. Mabuleki ndiwo moyo wanu, choncho musafulumire. Finyani chogwirira chilichonse mwamphamvu. Chisafike pa handulo. Ngati ndi mabuleki a malabala ogwira palimu, onani ngati malabalawo akadali ndi timizere take, ndipo pitsani chala m'mbali mwa limu. Likakhala lokumbika ngati mbale, lapyapyala ndipo tsiku lina lidzaphulika. Ngati ndi a disiki, onani kuti disikiyo siyopindika ndiponso kuti palibe mafuta akudontha pena paliponse. Mabuleki a disiki amagwira bwino m'matope, koma a mafuta amafuna wokonza wozolowera ndi zipangizo zake. A waya, kaya a disiki kaya a malabala, aliyense wokonza njinga pansi pa mtengo amawadziwa.

Chenjezo: njinga za kaunjika zimachokera m'maiko osiyanasiyana. Zina buleki yakutsogolo ili kudzanja lamanja, zina kumanzere. Dziwani yanu musanakwere. Anthu agwa chamutu chifukwa chofinya yakutsogolo akuyesa yakumbuyo.

6. Gwirani buleki yakutsogolo, mukankhe njinga kutsogolo ndi kumbuyo. Mukamva gogodo pansi pa mahandulo, pamenepo pamasuka. Kenako tsamirani pa mahandulo kuti foloko ya sipuling'i ilowe. Ilowe mofewa ndi kubwerera yokha, ndipo timiyendo take tisakhale ndi dzimbiri.

Pano ndinene maganizo anga poyera. Njinga zotsika mtengo zokhala ndi chisipuling'i chachikulu pakati pa felemu, zija zimakopa anyamata m'masitolo, musagule. Ndi zolemera, chisipuling'icho chimangomeza mphamvu zanu pokwera chitunda, ndipo zolumikizira zake sizichedwa kugwedera. Njinga ya kaunjika ya felemu lolimba, ya sipuling'i kutsogolo kokha kapena yopanda n'komwe, yokhala ndi magiya a kampani ya Shimano akale koma osamalika, idzakutumikirani zaka zambiri.

7. Ikwereni. Wogulitsa wokana kuti muyese njinga ali ndi chimene akubisa. Sinthani magiya onse, mmodzimmodzi, kukwera ndi kutsika. Pezani kachitunda mupalase mwamphamvu mutaimirira. Tcheni chikamalumpha mano, bwererani ku nambala 4.

8. Yendani kwa ogulitsa atatu musanatulutse ndalama, ndipo sungani ina yogulira helemeti, pampu ndi malabala atsopano. Mukagwirizana mtengo, tembenuzani njinga muwerenge nambala yodindidwa pansi pa felemu. Ilembedwe pakalata yogulitsirana pamodzi ndi dzina la wogulitsa ndi la mboni. Nambalayo ikakhala yopalidwa, bwezani ndalama m'thumba muzipita. Njinga yakuba imakutengerani kupolisi inu wogula.

Kuikonza kuti ikukwaneni

9. Khalani pachishalo, mnzanu atakugwirirani njinga. Ikani chidendene papedulo ili pansi penipeni. Mwendo uwongoke bwinobwino, matako osapendekeka. Mukabweza phazi kuti mupalase ndi kutsogolo kwake, bondo lidzapindika pang'ono, ndipo msinkhu wake ndi umenewo. Ambiri amatsitsa chishalo kuti mapazi onse azifika pansi atakhala, kenako amadandaula mawondo. Pachitsulo cha chishalo pali mzere wosonyeza malire. Musachikweze kupitirira pamenepo, chimathyola felemu.

10. Musapope matayala gwa ngati a njinga yonyamula matumba a mbatata. Tayala lolimba kwambiri limadumphadumpha pamiyala ndipo siligwira dothi. Lofewa kwambiri limapanitsa chubu pakati pa mwala ndi limu, n'kuboola timabowo tiwiri ngati polumidwa ndi njoka. Kwa munthu wa thupi lapakati, pa matayala a machubu, yambirani pa 30 mpaka 35 psi (muyezo wa mphamvu ya mpweya umene mumawerenga pa geji ya pampu). Pampu ikakhala yopanda geji, dinani ndi chala chachikulu mwamphamvu, lilowe pang'ono chabe.

11. Donthezani oyilo pa tcheni, zungulitsani, kenako pukutani wotsala yense ndi kansalu. Oyilo wochuluka amaitana fumbi, fumbilo n'kusanduka chopera. Oyilo asakhudze limu, disiki kapena malabala.

Kukwera ndi kutsika

12. Musayambe ndi nsonga ya phiri. Boma la Dedza lili kale pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo nsonga ya phiri ili pafupifupi mamita 2,200. Wochokera ku Salima kapena kuchigwa cha Shire adzamva befu msanga kuposa mmene amazolowerera kwawo. Masabata oyamba yendani m'misewu yafumbi ya m'munsi mwa phiri ndi ya m'midzi. Mukazolowera, tengani msewu wokwera kopita ku milongoti ya mauthenga ija ya pamwamba. Nyamukani m'mawa, ndipo muuze wina kumene mwalowera ndi nthawi yobwerera. Mu June ndi July kumwambako kumazizira zedi ndipo nkhungu imatha kutseka njira mosayembekezeka. Mumakwera muli thukuta kamukamu, koma potsika mphepo imalowa mpaka m'mafupa, ndiye juzi lija musalisiye.

13. Sinthani giya chitunda chisanakuthereni mphamvu. Posintha, fewetsani phazi papedulo kamphindi. Kusintha mukuponda ndi mphamvu zonse ndiko kumadula matcheni ambiri amene ndimawapeza m'phirimu. Khalani pachishalo, chifuwa chitsikire ku mahandulo. Mukaimirira padothi lotayirira tayala lakumbuyo limangozungulira pamodzimodzi. Pakakula, tsikani mukankhe, palibe chamanyazi.

14. Potsika, tsitsani chishalo pang'ono. Imirirani pamapedulo, onse awiri ali mulingo umodzi, mawondo ndi zigongono zopindika, thupi lili cham'mbuyo pang'ono. Zala zikhale pa mabuleki nthawi zonse. Gwirani onse awiri mofatsa, osati modzidzimukira. Yakutsogolo ndiyo imaimitsa njinga, yakumbuyo yokha imangokhwekhwereza tayala. Chepetsani liwiro musanalowe pakona, osati muli pakati pake. Maso ayang'ane kumene mukufuna kudutsa, chifukwa ukayang'anitsitsa mwala njinga imalunjika pamwala pomwepo.

Masamba a paini ouma amaterera ngati therere, ndipo amabisa mizu ndi maenje. Dothi lofiira la katondo likanyowa limatereranso, n'kumata matayala mpaka mawilo kukana kuzungulira. Pamitsetse yaitali, monga msewu wokhotakhota uja wotsika kuchoka ku Masasa kupita ku Golomoti, malimu ndi madisiki amatentha kwambiri. Muziima apo ndi apo kuti azizire, ndipo musawagwire ndi chala.

Njirayi ili ndi eni ake

Tinjira timene ife timapitamo pofuna kusangalala, ena amapitamo pofuna chakudya cha ana. Mumadutsa amayi a nkhuni, abambo a mitengo paphewa, ana opita kusukulu, agogo opita kudimba, ndi alendo okwera phiri wapansi. Iwo ndiwo anapanga tinjirati ndi mapazi awo ife tisanagule njinga.

Chaka china mu July, kuli nkhungu, ndinkatsika kanjira ka m'mapaini. Nditangokhota ndinapeza mayi ena atasenza mtolo wa nkhuni wautali kuposa iwo eni, mwana ali kumbuyo. Ndinaliza belu ndili pafupi kwambiri. Mayiwo anatembenuka ndi mantha, mtolo unatembenuka nawo, nsonga yake n'kudutsa pafupi ndi diso langa, kenako unagwa n'kumasuka. Nkhata inagubuduzikira m'udzu, mwana n'kuyamba kulira. Palibe anavulala, koma ndinaona miyendo yawo ikunjenjemera. Ndinatsika, ndinapepesa, tinatola nkhunizo limodzi n'kuzimanganso ndi luzi lomwelo, ndipo ndinawatwika. Anangoti, "Mwananga, munthu akasenza sacheuka. Muziyankhula mukadali kutali." Zotsatirazi ndinaziphunzira tsiku limenelo.

15. Mukaona munthu kutsogolo, chepetsani liwiro mpaka lifanane ndi la woyenda pansi. Lizani belu kamodzi mukadali patali, kenako gwiritsani pakamwa: "Zikomo mayi, njinga kumbuyoku." "Wawa bambo, ndidutse nawo." Dikirani akumveni ndi kusankha okha mbali yopatukira. Musawasankhire, chifukwa munthu wodzidzimuka amalumphira mbali imene inu mwalowera. Mukadutsa, thokozani. Mukakhala pagulu, woyamba anene kuti, "Tilipo anayi, atatu akubwera," kuti munthu asabwerere m'njira akuyesa mwatha.

Pakona yosaoneka kutsogolo, yendani ngati mukudziwa kuti pali mwana.

16. Wosenza katundu musamuchotse m'njira. Kanjira kakachepa, imani ndinu, tsikani, mukokere njinga kutchire mpaka adutse. Mtolo wa nkhuni ndi wautali ndipo umafuna malo pokhota, choncho patukani kwenikweni. Chimodzimodzi wokalamba, ndi wa kabaza kapena wa makala amene akukankha njinga yolemera pachitunda. Iye akaima, kuyambanso n'kovuta. Inu mukaima simutaya kanthu. Pakati pa opalasa okhaokha, wotsika apatukire wokwera. Pamsewu waukulu khalani kumanzere monga lamulo linenera, ndipo pa M1 yendani mondondozana, osati mogundizana mapewa.

Ng'ombe, mbuzi ndi ngolo zidutseni pang'onopang'ono mutalankhula ndi mbusa kapena woyendetsa. Ng'ombe zapagoli zikadzidzimuka zimatha kugubuduza ngolo. Polowa m'mudzi yendani ngati mukuyenda pabwalo la kwanu, chifukwa ana amathamangira njinga ndipo wamng'ono amatulukira kuseri kwa nkhokwe osayang'ana. Galu akakuthamangitsani, imani, njinga ikhale pakati pa inu ndi iye.

17. Mukaona masamba ataikidwa pamsewu, pali maliro. Tsikani, vulani helemeti, mukankhe njinga mwakachetechete mpaka mutapitirira masamba a mbali inayo. Zimenezi aliyense wokulira kuno amazidziwa, koma liwiro likakoma ena amachita ngati sanaone, ndipo mudzi suiwala. Kankhalango kowirira pafupi ndi mudzi kawirikawiri ndi manda. Musalowemo pofuna njira yachidule kapena mthunzi. Mukakumana ndi gule, patukani, tsikani panjinga, musatulutse foni kuti mujambule popanda chilolezo. Mukabwera ndi mlendo wochokera kutali, muuzeni zonsezi musananyamuke.

18. Khalani m'njira imene ilipo kale. Musadule pamizere ya munthu, ngakhale munda utakololedwa, ndipo musaponde m'dimba la mbatata kapena kabichi. Musakhwekhwereze tayala lakumbuyo pamtsetse. Kamzere kamene mwakumba lero, mvula ya January idzakasandutsa ngalande, ndipo oyenda pansi adzavutika nako chaka chonse. Mvula ikagwa kwambiri, tinjira ta m'phiri tipatseni tsiku limodzi kapena awiri tiume.

Phiri la Dedza ndi Chongoni ndi nkhalango zotetezedwa, choncho pitani kaye ku ofesi ya zankhalango mukafunse kumene mungadutse. Mudzamvanso kumene akudula mitengo, kuti musakumane ndi lole ya matabwa pakona. Musasonkhe moto kapena kutaya chotsalira cha fodya, makamaka kuyambira August mpaka mvula itagwa. Ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula zakale za pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Mukapita ku Chentcherere, Namzeze kapena Mphunzi, siyani njinga m'munsi mukwere wapansi ndi wokulondolerani. Musatsamiritse njinga pathanthwe, musagwire zojambulazo ndi manja a thukuta, musazithire madzi kuti zioneke bwino pachithunzi, ndipo musalembepo dzina lanu ndi khala. Mapepala a masiwiti ndi chubu chophulika bwererani nazo kunyumba.

Zolakwika zofala

Kuthera ndalama zonse panjinga n'kusowa ya helemeti. Ndipo helemeti yongoikidwa pamutu lamba ali lendelende imauluka inu musanafike pansi. Ikamenyeka mwamphamvu kamodzi, ngakhale isaoneke kusweka, yatha ntchito.

Kunyamula pampu yosagwirizana ndi valavu. Mavalavu alipo awiri, yonenepa ngati ya galimoto ndi yowonda yokhala ndi kamutu kopotokola. Yesani pampu yanu kunyumba, osati pamwamba pa phiri.

Kuika chubu chatsopano osafufuza chimene chinaboola chakale. Pitsani zala mosamala mkati mwa tayala lonse, chifukwa minga imatsalira momwemo. Pomata chigamba, palani chubu, pakani guluu wochepa, mudikire aume mpaka asiye kunyezimira. Ambiri amamata guluu akadali wamadzi, chigamba n'kumatuka asanayende kilomita imodzi.

Kuvala zomvera nyimbo m'makutu. Simudzamva mwana, ng'ombe kapena munthu amene akukupatsani moni.

Kuthira tcheni oyilo wakuda wotsitsidwa m'galimoto. Ali ndi tizitsulo timene timadya tcheni.

Kutsuka njinga ndi madzi a mphamvu a kotsukira magalimoto. Madziwo amalowa m'mabeyaling'i n'kuchotsa girizi. Ndowa, sopo ndi burashi zakwana.

Kukhulupirira kuti popeza dzulo njinga inali bwino, lero ilinso bwino. Musanatuluke pageti finyani mabuleki onse awiri, dinani matayala, ndipo onani ngati timanja tomangira mawilo tatsekeka zolimba, makamaka ngati munachotsa wilo lakutsogolo pokweza njinga m'minibasi.